Chiwaya cha Kuseri kwa Katani

Kowit adafera m'njira ya kuchipatala, thovu lili kukamwa, malaya ake oyera atathimbirira ndi masanzi. Pomwe ine ndinkafika pa lesitilanti ya mayi Lamduan masana amenewo, mbale yake idali ikadali patebulo la pakona: mpunga, tofu wa soya wokazinga ndi masamba, supuni itagwera pansi pa mpando. Anthu adali atadzaza msewu, koma palibe adayerekeza kuponda m'katimo.

Ndine Sajeni Thawin, wofufuza milandu m'tauni yathu ino ya kummwera kwa Thailand, ndipo ndinene poyambirira kuti mlandu uwu sindidaufune. Pa matebulo a mayi Lamduan ndi pomwe ndakhala ndikudya nkhomaliro chiyambire ntchito. Kalesitilanti kake n'kopanda khoma kumaso, mipando yapulasitiki yotsimphina, chiwaya chachikulu chili pakhomo penipeni kuti utsi wa tsabola uziitana odutsa. Munthu amene amadziwa kuti dzira lako umalifuna lofewa pakati si munthu womupanikiza ndi mafunso. Koma bwana wanga, Insipekitala Suchin, sadandifunse maganizo. Iyeyu ndi wa ku Bangkok, wabwera kuno posachedwa, ndipo amationa tonse ngati anthu akutchire amene tidaphunzira kuvala nsapato mwangozi.

"Wafayu bambo ake ukuwadziwa?" adandifunsa atandikokera pambali.

"Palibe sawadziwa, bwana. Theka la mitengo ya mphira kuno ndi yawo."

"Ndiye basi. Andiimbira kale foni, ndipo sanaimbe kuti andifunse ndadzuka bwanji. Ndikufuna munthu m'chitolokosi dzuwa lisanalowe."

Idali sabata yosala nyama. Tauni idavala zoyera, mbendera zachikasu zili petupetu m'misewu, makombola akuphulika ku kachisi wa Achitchaina kuyambira mbandakucha. Wosala sadya nyama, adyo kapena anyezi, ndipo chakudya chake sichiphikidwa m'chiwaya chomwe chidalawapo mafuta a nkhumba. Osala ambiri ankakadya kumalo osaphika nyama konse. Koma mayi Lamduan adali ndi chiwaya chachiwiri kuseri kwa katani, ndipo chaka chimenecho chinkaphikira munthu mmodzi yekha, mkamwini wawo Kowit, yemwe ankasala mokhwima kuposa wina aliyense, mwina poti adali ndi zambiri zoti milungu imukhululukire.

Ndidakweza katani. Kachipinda kake n'kakang'ono: mbaula ya gasi, chiwaya chaching'ono, mpeni wake, botolo lake la msuzi wa soya, ndi chitseko chotulukira m'kanjira ka kumbuyo. Ndidatsegula botolo n'kununkhiza. Pansi pa fungo la soya padali fungo lina, la mankhwala opopera m'munda. Amene adathira adadziwa kuti m'tauni yonse botolo limenelo limathirira mbale imodzi.

Nditatuluka ndidapeza mayi Lamduan atakhala pa kampando kawo, m'bulauzi yakuda ndi nsalu yakuda. Adali atazimitsa moto, atavundikira nyama, atapukuta ndi mpeni womwe.

"Azakhali," ndidayamba, pakuti ndi mmene timawaitanira tonse, "ndiuzeni amene walowa kuseriku lero."

"Usavute anthu, Thawin," adatero, natambasula manja awo onse awiri. "Ndine."

* * *

Ku ofesi adanena zomwezo, mawu osanjenjemera. Adati mankhwalawo adali awo, a m'kadimba ka tsabola. Adati adathira m'botolo m'mawa, nakazinga tofu ndi manja awo. Titafunsa chifukwa, adakweza mapewa.

"Ankandinyoza. Mkamwini wodya zaulere, pakamwa pake ngati ngalande. Ndinatopa naye."

Insipekitala ankangomwetulira. "Waona, Sajeni? Milandu ina imapsa yokha, iwe n'kungopakula. Mawa masana tipita nawo akaonetse momwe anachitira. Atolankhani ndawauza kale."

Kuno munthu akavomera mlandu timapita naye pamalopo kuti abwereze zonse pamaso pa makamera, ndipo zithunzi zikangotuluka nkhani yatha, khoti limangodinda. Mayi Lamduan ndi munthu wamkulu, wa shuga, mawondo otupa. Ndidadziwa kuti akalowa m'ndende adzatulukamo ali m'bokosi. Ndidapsa mtima, osadziwa kuti ndikupsera yani. Mayi amene galu wa mumsewu ankamuthamangitsa atamupatsa kaye fupa, lero aphe munthu chifukwa cha matukwana? Ndidatsala ndi madzulo amenewo ndi m'mawa wake, ndipo ndidatuluka osatsanzika.

* * *

Somwang ndidamupeza pamalo oimikira matukutuku, tigalimoto ta matayala atatu tonyamula anthu, pafupi ndi msika, atagona pa mpando wakumbuyo, mapazi ali panja. Ndiye adakhala tebulo loyang'anana ndi malemuyo.

"Aaa, bwana Sajeni! Mwabwera kudzandimanga poti ndadya nkhumba sabata yopatulika? Mangani, koma umboni uli m'mimbamu, muudikira mpaka mawa."

"Dzuka. Unaona chiyani?"

"Ndinaona munthu akudya udzu. Ine nkhumba ya tsabola, iye masamba ake aja. Ndinamuuza kuti, 'Akulu, mukapitiriza chonchi mudzuka mukulira ngati mbuzi.' Sanaseke. Uja sankaseka, bwana. Mano ake ankaoneka akamamenya munthu basi."

"Mbale anamubweretsera ndani?"

"Apo ndiye panali sewero! Anakatenga yekha."

"Yekha?"

"Eee. Anakuwa kuti, 'Amayi, chakudya changa chili kuti?' Azakhali ali pachiwaya chawo, osatembenuka n'komwe, akuti, 'Chapsa, katenge wekha, ukudziwa kuti ine sindikhudza.' Mwana wa bwana kusanduka wantchito! Anatukwana mpaka ine ndinatsamwa ndi mpunga. Kufika pa katani paja, mbale inangotulukira, iye n'kulandira."

"Inangotulukira bwanji? Mbale ili ndi miyendo?"

"Dzanja, bwana. Dzanja linatuluka m'katani."

"La ndani?"

Somwang adasiya kuseka. Adatsika, nayamba kupukuta galasi la tukutuku yake, lomwe lidali loyera kale.

"Ine ndinkayang'ana nkhumba yanga."

"Azakhali anachokapo pa chiwaya chachikulu?"

"Mayi aja pa nkhomaliro sachoka ngakhale kukataya madzi. Anthu anali pamzere mpaka mumsewu." Adaluma mlomo, atazindikira zimene wanena. "Koma bwana, ine ndi chidakwa, tauni yonse ikudziwa. Mukandiimika m'khoti ndidzanena kuti ndinali nditakhuta kuyambira m'mawa, ndipo adzandikhulupirira."

Ndidamusiya akupukuta galasi lake. Pamene mayi Lamduan ankakazinga nkhumba pamaso pa msewu wonse, kuseri kwa katani kudali munthu wina.

* * *

Mayi Ngek amagulitsa khofi khomo loyandikana ndi lesitilantiyo, ndipo ntchentche siitera m'msewu umenewo iwo osadziwa kumene yachokera. Adandikhazika pansi, nandiikira kapu patsogolo ndisanapemphe.

"Ine sindinena za anthu, Sajeni, mumandidziwa. Ine ndi khofi wanga, khofi wanga ndi ine."

"Ndikudziwa, mayi. Ndingofunsa chimodzi. Azakhali ankaphika nthawi yanji chakudya cha mkamwini wawo?"

Adandiyang'ana ngati ndatukwana m'kachisi.

"Lamduan kuphika za osala? Chaka chino? Inu munabadwira kuno, kapena munabwera pa basi limodzi ndi bwana wanu uja? Mwamuna wake wamwalira mvula itangoyamba, zakuda sanavule. Wofedwa sakhudza chiwaya cha osala, sakhudza mbale yake, saponda ku kachisi. Mbendera zachikasu zili pakhomo pakezo ndinapachika ndine, iye ataima patali uko, manja kumbuyo ngati mwana wolakwa. Ndinakula naye uja. Angalole kumudula dzanja kusiyana n'kuti adetse chiwaya chija."

Ndidachita manyazi mpaka kumakutu. Maliro a mwamuna wawo ndidapitako, zakudazo ndinkaziona tsiku ndi tsiku, koma masana aja nditamva mawu akuti ndine, mutu udaima.

"Ndiye ankaphika ndani?"

"Ine sindinena za anthu." Adapukuta tebulo, nayang'ana kumanja ndi kumanzere. "Zaka zonsezi chiwaya chija chimakhala cha Chaba, mwana wake, mkazi wa malemuyo. Mwambo wa ofedwa sumugwira iye, poti wokwatiwa amawerengedwa wa kwa mwamuna. Koma lero sindinamuone, ndikulumbira. Kanjira ka kumbuyoko maso anga safikako, ndili ndi makasitomala ine." Adatsitsa mawu. "Mukakumana naye mudzifunse chifukwa chake munthu amavala sikafu m'khosi kutentha kuno. Chaka chatha anapita padera, mimba itakula ndithu. Akuti anagwa pa masitepe. Nyumba yawo ilibe masitepe, Sajeni. Ndinapitako kukamuona."

"Bwanji sanabwere kupolisi?"

Mayi Ngek adaseka kamodzi, kuseka kopanda chimwemwe.

"Kudzadandaula za mwana wa ndani? Kwa inu amene chaka chatsopano mumakadyera pakhonde la bambo ake? Imwani khofi wanu, akuzizira."

Ndidamwa. Ndidabwera kudzafuna njira yotulutsira mayi Lamduan, ndipo njirayo idayamba kulunjika kumene sindinkafuna.

* * *

M'mawa mwake ndidapita kunyumba kwa Kowit, kumapeto kwa tauni. Achibale onse adali kwa bambo ake kukonza za maliro, ndipo mkazi wake adamusiya yekha ngati katundu amene sadadziwe poika. Ndidamupeza kuseri akuchapa, m'diresi lakuda lotaya, sikafu ili m'khosi. Chaba ndidamudziwa ali kamtsikana kolemba za kusukulu pa tebulo la amayi ake, kolongolola ngati wailesi. Amene ndidamupeza tsiku limenelo mawu ankachita kuwerenga asanawatulutse.

"Dzulo pa nkhomaliro unali kuti, Chaba?"

"Ku kachisi."

"Kukatani?"

"Kuonerera."

"Kuonerera chiyani?"

"Ogwidwa ndi mizimu. Ankawabowola masaya."

"Anakuona ndani?"

"Kunali anthu ambiri. Onse zoyera."

"Nanga chakudya cha mwamuna wako anaphika ndani?"

"Amayi anena kale."

"Ndikufunsa iweyo."

"Amayi anena kale, bwana Sajeni." Adafinya malaya mpaka zala kuyera. Kenaka, osandiyang'ana, adafunsa: "Mankhwala awo a shuga mwawapatsa? Amamwa asanadye."

Ndidati ndiona. Iye adawerama kuti anyamule beseni, diresi lonyowa lidamatirira pathupi, ndipo pamenepo ndidaona kaphini kotsekera zovala katabayidwa pa nsalu, pamimba penipeni. Mkazi wa kuno sabaya phini pamenepo chifukwa diresi lang'ambika. Amabaya akakhala woyembekezera, kuti zoipa zisayandikire mwana. Ndipo woyembekezera kuphika aphika, koma kukaonerera ogwidwa ndi mizimu sapita, ngakhale mutamukoka ndi chingwe.

Chaba adaona kumene kudali maso anga. Adatsitsa beseni pang'onopang'ono mpaka lidaphimba mimba.

* * *

Ku kachisi ndidangopita kuti ndisadzanene kuti sindidafunse. A Hok, nkhalamba yosunga pachipata, ankasesa mapepala ofiira a makombola. Ndi munthu amene mawu amawasunga ngati adzamuthera.

"Chaba? Sanabwere."

"Anthu anali ambiri, agogo. Mungadziwe bwanji?"

"Pachipata ndimaima ndine. Wofedwa salowa. Woyembekezera salowa."

"Munadziwa kuti ali choncho?"

"Tsiku loyamba anabwera ndi zofukiza. Anaima kutsidya. Anandituma ine. Ndinamva."

"Mungakanene zimenezi m'khoti?"

Adatsamira tsache, nandiyang'ana nthawi yaitali ndi maso ake ofiira ndi utsi.

"Milungu yaona. Khoti likafunse iyo."

Nabwerera ku mapepala ake. Zonse ndidali nazo tsopano, ndipo sindidamvepo kulemedwa kotero chiyambire ntchito.

* * *

Ndidafika ku chitolokosi nthawi yokaonetsa itayandikira. Mayi Lamduan adali pansi, miyendo atatambasula, akusisita mawondo. Ndidawapatsa mankhwala awo, ndipo adamwa osathokoza, poti adaona kale nkhope yanga.

"Azakhali, chiwaya chija simunachigwire."

"Ndinachigwira."

"Muli m'zakuda."

"Wakupha munthu angaope mwambo?"

"Somwang anaona dzanja. A Hok akuti Chaba sanaponde ku kachisi. Ndipo phini ndaiona ndi maso angawa."

Kwa nthawi yoyamba nkhope yawo idagwa. Adayang'ana kuchitseko, ngati kuli wina akumvetsera, kenaka adamenya simenti ndi chikhatho.

"Khala pansi, Thawin. Wakula ukudya za m'manja mwangamu, usandiyankhule uli chiimire ngati bwana wako."

Ndidakhala pa simenti.

"Sindinadziwe," adatero motsitsa. "Ndikanadziwa ndikanamuletsa, kapena ndikanathira ndekha, kaya. Ndinangomva mpando kugwa, anthu kukuwa. Kuthamangira kuseri, Chaba ndinamupeza m'kanjira atagwira khoma, akusanza ndi mantha. Dzana lake Kowit anamuponda pamimba. Wamva? Wachiwiri uyu. Woyamba tinakwirira kale."

"Khoti likhoza kumumvera chisoni. Zipsera zilipo, a Ngek akhoza..."

"Khoti lake liti? Limene bambo a Kowit amaliitana kuti lidzadye nkhanu kwawo? Usandipusitse, mwanawe, ndakula ine. Abereka unyolo uli kumwendo, mwana n'kumutenga agogo ake a mphira aja, n'kumulera kuti akhale Kowit wina. Zimenezo ndizo ukufuna?"

"Ndikufuna musafere m'ndende."

"Ndikafere kuti nanga? Pachiwaya? Kulikonse n'kufa." Adapuma. "Ku banja lija ndinamupereka ndine, ndikunyadira kuti mwana wanga wakwatiwa kwa anthu. Akabwera ndi diso lotupa ndinkamuthira mpunga, n'kumuuza kuti pirira, banja ndi kupirira, n'kumukweza tukutuku abwerere. Mkamwini uja ndinkamudyetsa tsiku ndi tsiku kuti akhale ndi mphamvu zomenyera mwana wanga. Ndiye undiuze, wapolisi iwe, wakupha ndani apa?"

Osandipatsa mpata, adapitiriza.

"Chaba ndamuuza kuti akatsegula pakamwa si mwana wanganso. Iwe sindingakuuze zimenezo, si ine ndinakubereka. Ndikungokupempha."

Amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma ine ndidali ndisanaonepo wamkulu akuzipempha yekha. Ndidalowa mmenemo kuti ndiwatulutse, ndipo njira yokhayo idali kulowetsamo mtsikana woyembekezera. Ndidasowa mtengo wogwira. Panja galimoto lidaliza hutala, ndipo Insipekitala ankaitana dzina langa.

* * *

Msewu udadzaza kuposa dzulo lake. Atolankhani adaima kutsogolo ndi makamera awo. Wapolisi mnzathu adakhala patebulo la pakona atavala chikwangwani cha dzina la Kowit m'khosi, akuoneka kuti sakukondwa ndi mpando womwe wapatsidwa. Chakutali kudaima galimoto lalikulu lakuda, magalasi otseka, ndipo tonse tidadziwa kuti bambo a malemuyo ali mmenemo. Chaba sindidamuone.

Insipekitala adakokera katani pambali kuti kamera ilowe bwino.

"Tiyeni mayi, tionetseni. Botolo ndi ilo, chiwaya ndi icho. Chitani monga munachitira."

Mayi Lamduan adayenda mpaka pa mbaula, naima. Zakuda zawo zidaoneka zakuda kwambiri pafupi ndi kambendera kachikasu. Adakweza dzanja, lidafika pafupi ndi chigwiriro cha chiwaya, n'kuima m'malere. Munthu amene adavomera kupha mawu osagwedera, chiwaya chopanda kanthu chidamukanika kugwira.

Mayi Ngek adagwira pakamwa. Somwang, ali pamwamba pa tukutuku yake, adavula chipewa n'kuyang'ana pansi. Aliyense wobadwira m'tauni muno adaona zimene ndinkaona ine, kuti dzanja limenelo silidakhudze chiwayacho dzulo, ndipo silikudziwa poyambira lero. Mlendo yekha ndiye sadaone.

"Chikuvuta n'chiyani?" Insipekitala adanditembenukira, thukuta lili pamphumi. "Sajeni, iwe umawadziwa anthu ako. Pali china chimene sindikudziwa?"

Mayi Lamduan sadatembenuke. Ndidangoona msana wawo, wopindika, ukudikira. Ndikadangonena mawu ochepa, akadagona kwawo usiku umenewo, ndipo akadanditemberera mpaka tsiku la imfa yawo.

"Ndi nyamakazi, bwana," ndidatero. "Zala zawo zimauma."

"Ndiye afulumire, dzuwa likuotcha."

Mayi Lamduan adatseka maso, nagwira chiwaya. Mayi wina m'gulumo adalira mokweza, mnzake n'kumutontholetsa. Adanyamula botolo, napendeketsa, natakasa mpweya ndi chipande, makamera akuthwanima. Kenaka adanyamula mbale ya osala ndi manja awiri, nakaiika patsogolo pa wapolisi wa chikwangwani uja, chinthu chimene msewu wonse udadziwa kuti sichidachitike. Palibe adatsegula pakamwa. Galimoto lakuda lidalira n'kuchoka.

Powakweza m'galimoto la polisi ndidawagwira mkono kuti ndiwathandize pa chitsulo chopondera. Adandikokera pafupi.

"Pamalo pofera munthu ndi chiphe sipadyanso munthu, ukudziwa," adanong'ona. "Ndipo Chaba alibe china chodyera. Kwa apongozi ake amuthamangitsa maliro akangotha. Atsegula pano. Uzibwera kudzadya, Thawin. Mu yunifolomu. Ukhale pamene anthu akuone."

"Azakhali, mukudziwa zimene mukundipempha?"

"Ndikudziwa. Tseka chitseko."

* * *

Chikondwerero chidatha, mbendera zidatsitsidwa, tauni idabwerera ku nkhumba yake. Khoti lidadinda monga tinkadziwira. Mtembo wa Kowit adautentha ndi ulemu waukulu, amonke ambiri, nkhata za maluwa mpaka kumsewu, ndipo mkazi wake adatuluka m'nyumba ija ndi chikwama chimodzi.

Tsiku limene Chaba adatsegula lesitilanti ndidadutsapo kawiri pa njinga yamoto, osaima. Sindikana, ndinkaopa. Ndadyapo ndi akuba, ndamwapo ndi achiwembu, koma ndidali ndisanatsegulepo pakamwa panga kulandira chakudya cha munthu amene ndikudziwa chimene manja ake adathira m'botolo. Kachitatu ndidaima.

Nthawi idali ya nkhomaliro, koma matebulo onse adali mbee, opukutidwa bwino, opanda munthu. Anthu amene kale ankaima pamzere pamenepo adali kutsidya kwa msewu, pa ngolo ya mpunga ya munthu wina, akudya choimirira padzuwa. Nditakoka mpando wa kutsogolo penipeni, onse adasiya kutafuna.

Chaba adabwera, mimba tsopano ikuonekera. Sadandifunse chomwe ndikufuna. Adayatsa moto pansi pa chiwaya chachikulu, chomwe chidamukulira, nakazinga nkhuku ndi tsabola atandifulatira. Kuchokera pomwe ndidakhala sindinkaona manja ake. Ndidadzigwira kuti ndisasuzumire.

Adaika mbale patsogolo panga, supuni ndi foloko pambali, kapu ya madzi ozizira. Sadachoke.

"Simukuyenera kudya, bwana Sajeni," adatero chapansipansi. "Ndimvetsa."

"Ndili ndi njala."

"Amayi mwawaona?"

"M'mawa uno."

"Akudya kumeneko?"

Ndidawapeza atachepa ngati mwana, mbale ya ndende ili pambali yosakhudzidwa, phazi limodzi litayamba chilonda chosapola.

"Akudya," ndidatero.

Adagwedeza mutu, ndipo ndidaona kuti sadakhulupirire. Adabwerera pa chiwaya chake, naima chomwecho, atayang'ana msewu.

Ndidanyamula supuni. Ndidaifikitsa pakamwa. Chakudyacho chidali chokoma, chokoma ngati cha amayi ake, ndipo zimenezo zidandiwawa kuposa mantha. Ndidadya pang'onopang'ono, nditakhala mowongoka kuti yunifolomu ioneke, mpaka mbale kuyera. Ndidamwa madzi, ndidakhalabe pampando nthawi yaitali kuti onse aone kuti ndikupuma. Kutsidya ankandiyang'ana, ena mpaka kuloza ndi milomo. Palibe adaoloka msewu.